Dzanja Lamanzere la a Fishel Lubarsky

A Fishel Lubarsky ankagulitsa majombo. Aliyense amene anakulira m'tauni yathu ino, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, pa nthawi imene fakitale ya zitsulo inkafuka utsi usana ndi usiku, anavalapo jombo ya a Fishel kapena anabadwa kwa munthu amene anaivala. Sitolo yawo inali pansi pa nyumba yosanja ya njerwa zofiira, pa msewu wotsikira ku mlatho. Pamwamba panali zipinda za lendi, ndipo m'chimodzi mwa izo ankakhalamo eni akewo ndi akazi awo, mayi Gittel, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Morton.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa mawu amphamvu ngati akukalipa ngakhale pamene akupereka moni. Sanaphunzire kwa arabi, aphunzitsi otchuka a Chiyuda, ndipo Chihebri chawo chinali chongokwanira kupempherera. Koma zochepa zimene anaphunzira kwa bambo awo anazikakamira ngati nkhupakupa. Lachisanu dzuwa likapendeka ankatseka sitolo, chonsecho Loweruka ndilo linali tsiku limene amuna a kufakitale ankayenda ndi malipiro m'thumba. Ayuda anzawo a masitolo ena ankatsegula khomo lakumbuyo mwakachetechete. A Fishel ayi. Chibadwire sanakwerepo galimoto pa Sabata kapena pa tsiku la chikondwerero, sanayatsepo moto, sanagwirepo cholembera. Umenewu ndiwo unali ulemerero wawo, ndipo ankaudziwa, mwinanso mopitirira muyeso.

Fakitale itatsekedwa, tauni inayamba kutha pang'onopang'ono ngati sopo. Ana ankapita ku makoleji osabwereranso. Morton naye anakakhazikika ku Phoenix, kumene ankagwira ntchito yogulitsa nyumba za anthu, ndipo za Sabata anazisiya pamodzi ndi majasi a nyengo yozizira. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, nkhani yake imodzimodzi.

"Ababa, gulitsani chinyumba chimenecho chisanakugwereni. Bwerani kuno, kuli dzuwa chaka chonse."

"Dzuwa ndilitani ine? Ndine phwetekere?"

Ku sunagoge mabenchi anayamba kukhala okha. Rabi womaliza ananyamula mabuku ake n'kupita ku Cleveland. Amuna khumi amene amafunika kuti pemphero la gulu lichitike ankapezeka mochita kuwagogodera m'makomo, ena atatsamira ndodo, ena osamva n'komwe zimene zikuwerengedwa. M'tauni monse chinthu chimene chinkakula chinali chimodzi chokha: manda athu a pa phiri.

Mayi Gittel anakagona kumeneko m'chaka chimene sitolo inatsekedwa. Pambali pawo panatsala malo a munthu mmodzi. Kuyambira pamenepo a Fishel anasandutsa phirilo ntchito yawo. Ankatchetcha udzu, kudzutsa miyala yopendekeka, kumanga waya pamene agwape aboola, kukangana ndi okumba manda za mtengo wa ntchito. Palibe anawatuma. Panalibenso wina woti n'kuwatuma.

Tsiku lina anawoloka mtsinje kukaona manda a tauni ina imene Ayuda ake anatha kalekale. Anapeza geti litagwa, mitengo itamera pakati pa mitumbira, miyala itagona chafufumimba, mabotolo a mowa ali mbwee. Pa mwala wina munthu anali atajambulapo zolaula ndi penti. Anabwerera kunyumba, ndipo madzulo amenewo chakudya chinawakanika. Ankangoona dzina la Gittel litayang'ana m'dothi.

Mu mzinda waukulu muli bungwe la Ayuda limene limatenga manda a m'matauni otha ngati athuwa n'kumawasamalira mpaka kalekale. Koma bungwelo silitenga manda chimanjamanja. Tauni iyenera kusiya thumba lokwanira kuti phindu lake lizilipira otchetcha ndi okonza mpanda chaka ndi chaka. Nkhalamba zotsala kwathu kuno zinalibe kanthu koma penshoni ndi mankhwala. Chinthu chokhacho cha mtengo chinali nyumba ya njerwa zofiira ija.

Ndiye pa Tsiku la Chitetezo, nthawi imene timatchula mayina a akufa athu, a Fishel ataitanidwa kutsogolo anagwira chogwirira cha mpukutu wa Chilamulo, nanena mokweza kuti onse amve:

"Ine Fishel mwana wa Zalman, nyumba yanga ya pa msewu wa ku mlatho ndaipereka ku thumba la manda. Ndikadzafa ndi ya akufa."

Onse anayankha Ameni. A Velvel Tarnopol, mnzawo wa paubwana amene kale ankasoka masuti, anawamenya pamsana n'kunena kuti, "Taonani, mwala watulutsa madzi lero." Anthu anaseka, amayi ena analira. Kwa a Fishel nkhani inathera pomwepo. Mawu onenedwa pamaso pa mpukutu sabwezedwa. Pangafunikenso chiyani?

Amene anawauza kuti pakufunikanso china anali mayi Rochelle Seligson, loya wa ku Youngstown, mwana wa malemu Seligson amene anali ndi butchala kwathu kuno. Anabwera dala, nakhala pa mpando wa m'khitchini, nafotokoza mwaulemu kuti boma la Ohio silinalipo m'sunagoge tsiku lija. Popanda wilo yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, chuma chonse cha masiye chidzapita kwa Morton, ndipo Morton adzachita nacho chimene angafune.

A Fishel anakwiya mpaka makutu kufiira.

"Mwana iwe, bambo ako ankandipatsa nyama pa mawu okha. Lero mawu anga asanduka mphepo?"

"Sanasanduke mphepo, bambo Lubarsky. Koma woweruza sanawamve."

"Anawamva Woweruza wamkulu kuposa wakoyo."

Komabe anamulola kuti alembe. Iye analemba, natumiza, naimba foni. Iwo ankati tikatha Paskha. Paskha itatha ankati kutentha kuyambe kwachepa. Kutentha kutachepa anati, monga amanenera Myuda aliyense wofuna kuthawa chinthu, tikatha zikondwerero. Chenicheni chimene chinkawagwira sankachinena. Ankaona ngati kusaina pepala n'kuvomera pamaso pa Mulungu kuti lonjezo lawo lija linali lopanda mano. Mwinanso, pansi pa zonsezo, ankaopa foni ya Lamlungu lotsatira. Morton anali asanauzidwe kanthu.

Zengerezu analinda kwawukwawu. Lachitatu, tsiku loti madzulo ake Chaka Chatsopano cha Chiyuda chiyamba, a Fishel anakwera phiri kukaona manda monga mwa mwambo wa nyengoyo. Anagwa pakati pa mizere atagwira pachifuwa. Anawapeza ndi mayi wina woyendetsa galu wake kunja kwa mpanda.

Anatsitsimuka Lachinayi ali m'chipatala, machubu m'mphuno ndi m'mikono. Dokotala, mnyamata waulemu wa maso otopa, sanawabisire. Mtima unali utawonongeka kwambiri. Opaleshoni idzachitika Loweruka m'mamawa, mankhwala ena akatha mphamvu m'magazi, ndipo sikungatheke kuichedwetsa kupyola pamenepo. Anafunsa ngati pali achibale oti aitanidwe msanga. A Fishel anamva bwino tanthauzo la funsolo.

Atatsala okha anayamba kuwerenga masiku. Chaka chimenecho chikondwerero chinagwa Lachinayi ndi Lachisanu, n'kulumikizana ndi Sabata. Masiku atatu otsatizana osagwira cholembera. Nthawi yoyamba yololedwa kulemba inali Loweruka madzulo nyenyezi zikatuluka, ndipo pofika nthawi imeneyo iwo adzakhala atadutsa kale pa mpeni.

Anayesa kupemphera koma mawu ankabalalika. Akatseka maso ankaona geti lakugwa lija. Panalibe rabi woti amufunse, ndipo ngakhale akanakhalapo kwina, foni sakanaigwira. Anayang'ana kudenga tsiku lonse, akudzitukwana m'zinenero zonse zimene ankadziwa.

Lachisanu masana kunabwera a Velvel. Anayenda wapansi kuchokera ku sunagoge, mtunda wautali kwa munthu wa mawondo ngati awo, nakwera masitepe chifukwa chikepe sakanachikhudza pa tsiku la chikondwerero. Analowa akupuma ngati mvukuto, lipenga la nyanga ya nkhosa, lolizidwa pa Chaka Chatsopano, lili m'khwapa.

"Chinkhalamba iwe, sukanadwalira pafupi? Ukufuna tigonekedwe awiri?"

"Ukanafera panjira ndikanapumula. Liza, ndimve."

A Velvel analiza lipenga lija m'chipindamo, mawu ake osasa, oduka pakati, mpaka namwino wina wonenepa, dzina lake Darlene, anathamangira kudzaona ngati makina awonongeka. A Fishel anamvetsera misozi ikutsikira m'makutu.

Lipenga lisanabwerere m'khwapa, chitseko chinatsegukanso. Anali mayi Seligson, chikwama m'manja, makiyi a galimoto akulira m'chala. Anali atamva kwa azakhali awo za kugwa kwa a Fishel.

"Taonani mwana wa Seligson," anatero a Velvel. "Chaka chabwino, mayi. Mwabwera pa ngamila?"

"Ndabwera pa galimoto, a Tarnopol, ndipo mukandinenere kwa Mulungu mukapeza mpata." Anatembenukira ku bedi. "Bambo Lubarsky, ndabwera nayo. Ndi masamba awiri okha. Ndikuwerengerani, musaine, anamwino awiri achitire umboni, basi."

"Lero?"

"Lero."

"Ukudziwa kuti lero n'liti?"

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso kuti mawa n'liti."

A Velvel analowererapo, ndipo nthabwala zinali zitawathera.

"Fishel, usamumvere. Akuluakulu athu anati mawu a munthu wogona pa bedi la imfa ali ngati olembedwa ndi kuperekedwa kale. Nena pano, ine ndimve, mayiyu amve. Chatha."

"Kwa ife chatha," anayankha loya uja. "Ku khoti sichinayambe n'komwe. Nyumba siperekedwa ndi pakamwa."

"Ndiye Morton adzalemekeza mawu a bambo ake."

"Mwina. Munamuuza, bambo Lubarsky?"

A Fishel anayang'ana kukhoma.

"Akubwera liti?" anafunsanso mayiyo.

"Ndege yake ifika mawa masana."

"Ndiye adzamva kwa a Tarnopol, pamaliro, kuti nyumba imene wakhala akuiyembekeza inalonjezedwa kwa anthu akufa. Ali ndi ana ku koleji. Si munthu woipa. Koma mukumuika pa mayeso amene ngakhale munthu wabwino akhoza kulephera."

"Pali njira ina?" Mawu a a Fishel anatuluka ochepa, osafanana ndi a mwini wake.

"Lamulo limalola kuti wina akusainireni, inu mukuona ndi kulamula. Darlene akhoza."

"Ndiye Morton adzati bambo anali atakomoka, anthu anawabera. Ndipo ine ndidzakhala nditatuma mlendo kuti andichimwire. Ayi."

"Ndiye sainani nokha."

"Fishel," anatero a Velvel, atayandikira mpaka ndevu zawo kukhudza bulangeti. "Lero mabuku a kumwamba ndi otsegula. Lero lomwe lino akulemba amene akhale ndi moyo ndi amene afe. Iwe mawa ukupita pa mpeni. Ukufuna chinthu chomaliza chimene aone ukuchita chikhale chimenechi? Zaka zonse zija unataya malonda a Loweruka, ife tikukuseka, uzitaye lero chifukwa cha udzu?"

"Si udzu."

"Ndi udzu ndi waya! Akufa sadandaula. Pulumuka kaye, usaine mawa usiku ngati munthu."

"Nanga ndikapanda kudzuka?"

"Udzuka. Mulungu sangafune phokoso lako msanga chonchi."

A Fishel anafuna kuseka koma chifuwa chinakana. Anagwira chitsulo cha bedi. Mbali imodzi kunali moyo wawo wonse, woyera ngati nsalu ya patebulo la Sabata, wopanda banga limene iwo ankalidziwa. Mbali inayo kunali Gittel, ndi makolo awo, ndi Seligson wa butchala, ndi ana aang'ono a m'mzere wa kumpanda amene analibe wina aliyense wowakumbukira. Anaganiza zoti lonjezo lija analinena okha, mosakakamizidwa, atagwira mpukutu. Kufa osalikwaniritsa kunali tchimo. Kulikwaniritsa lero kunalinso tchimo. Ndipo amene anawapanikiza pakati pa miyala iwiriyi sanali Mulungu, sanali boma la Ohio, anali iwo eni ndi tikatha zikondwerero wawo uja.

"Ambuye wa dziko lonse," ananong'ona, "mwandigwira pakhosi."

Kenako anakumbukira kanthu kamene anamva ali mnyamata, rabi wina wokalamba akuphunzitsa pakati pa mapemphero a madzulo: kuti kulemba kumene Chilamulo chinaletsa ndi kulemba monga munthu amalembera masiku onse. Wolemba ndi dzanja limene salembera walakwabe, koma kulakwa kwake n'kocheperako. Sanadziwe ngati akukumbukira bwino. Panalibe womufunsa.

"Werenga," anauza loya.

Mayi Seligson anawerenga. Nyumba ya pa msewu wa ku mlatho ipite ku thumba la manda pansi pa bungwe lija. Zina zonse, za kubanki, za m'nyumba, zoikapo makandulo za mayi Gittel, zipite kwa Morton. Darlene anaitana namwino mnzake, ndipo awiriwo anaima kumiyendo kwa bedi.

A Velvel anadzuka. "Ine maso anga asaone zimenezi."

"Pita, telala wa mabodza iwe. Amene ankatsegula khomo lakumbuyo Loweruka ndani?"

"Ndine. N'chifukwa chake ndinkafuna pakhale mmodzi amene sanatsegule."

Anatuluka, chitseko chinadzitseka chokha pambuyo pawo. Mawu amenewo anawapweteka a Fishel kuposa singano zonse za m'mikono.

Loya anawapatsa cholembera ku dzanja lamanja. Iwo analibisa pansi pa bulangeti, natambasula lamanzere.

"Bambo Lubarsky, inu mumalembera lamanja."

"Lero ayi."

"Siginecha yake sidzafanana ndi yanu. Mukundipatsa ntchito ku khoti."

"Uli ndi mboni ziwiri. Zili ndi maso. Kapena chonchi, kapena nyamula mapepala ako."

Dzanja lamanzere linali ndi chubu chomatidwa kuseri kwake, ndipo linali lisanalembepo chilembo chibadwire. Cholembera chinaterereka, Darlene anachitola. A Fishel analuma mlomo. Chilembo choyamba chinatuluka chachikulu, chopendekera kumbuyo ngati mpanda woti ugwa. Zotsatira zinakwera phiri n'kutsika. Pakati pa dzina anaima, akulira poyera ngati mwana, milomo ikunena mawu opempha chikhululukiro. Palibe anawafulumiza. Atamaliza anaponya cholembera pansi ngati chotentha, natembenukira kukhoma. Anamwino anasaina. Loya anatseka chikwama n'kutuluka.

A Velvel anali pa benchi m'khonde, lipenga pamiyendo. Sanabwerere kwawo. Dzuwa litayandikira kulowa analowanso, nakhala pambali pa bedi, nayamba kuimba motsitsa nyimbo zolandirira Sabata. A Fishel sanatembenuke, koma pa ndime yachiwiri milomo yawo inayamba kutsatira.

Loweruka m'mamawa anawatengera ku opaleshoni. Sanadzuke.

Morton anafika masana n'kupeza bedi litayalulidwa kale. Maliro anachitika Lamlungu. M'masiku a kulira, Morton atakhala pa kampando kakafupi monga mwa mwambo m'chipinda chimene anakuliramo, mayi Seligson anamupatsa masamba awiri aja. Anawerenga mofulumira ngati munthu wozolowera mapepala a nyumba, nkhope ikuuma. Atafika pansi anaimirira.

"Ichi n'chiyani? Awa si malembedwe a bambo anga. Bambo anga ankalemba ngati makina. Izi walemba ndi mwana wa ku mkaka, kapena munthu wogwiridwa dzanja." Anayang'ana loya. "Munawapeza atagona ndi mankhwala, eti? Tikaonana ku khoti, Rochelle. Ndikunena pano anthu akumva."

"Pali mboni ziwiri, Morton."

"Mboni zimagulidwa."

A Velvel, amene anali pakona ndi kapu ya tiyi, anatsokomola.

"Mwana wa Fishel, taona tsiku limene lalembedwa pamwambapo."

Morton anayang'ana. "Lachisanu. Ndiye?"

"Lachisanu liti?"

Morton anawerenga masiku m'mutu. Anali atasiya zambiri ku Phoenix, koma anakulira m'nyumba imeneyo, ndipo kalendala yake inali isanamutuluke m'mafupa.

"Linali tsiku lachiwiri la Chaka Chatsopano," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye n'zabodza ndithu. Ababa sakanagwira cholembera."

"Ndi lamanja sakanagwira. Ine ndinatuluka, sindinaone. Koma taziyang'ananso zilembozo, undiuze dzanja limene linalemba."

Morton anabweretsa pepala pafupi ndi maso. Anaona mmene zilembo zinapendekera chammbuyo, mmene inki inapakikira kuchokera kumanzere pamene dzanja linkakhula pa zimene lalemba kale. Wakuba akanayesetsa kufananitsa. Loya akanasankha tsiku lina. Munthu mmodzi yekha pa dziko lonse ndiye akanaganiza zochimwa ndi dzanja lamanzere kuti tchimo lichepe.

Anakhalanso pa kampando kaja, pepala lili pa maondo.

"Sakanangondiuza?" anafunsa, osayang'ana munthu. "Lamlungu lililonse ndinkaimba."

Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi chikhatho, napinda masamba aja, nawabwezera kwa mayi Seligson.

"Amene akuchita lendi pamwambapa muwauze msanga," anatero. "Ndipo denga likudontha kumbuyo. A bungwewo asadzati sitinanene."